Sukulu ya Ukachenjede: Fakitale Kapena Bwalo la Nzeru?

Mwana akasankhidwa kupita ku sukulu ya ukachenjede, chimwemwe sichikhala cha nyumba imodzi yokha. Kuno ku Chilobwe mbiri yotere imamveka pamsika, imamveka pachigayo, ndipo ku Mphakati nako anthu amaomba m'manja kuthokoza Mulungu. Koma nthungululu zikatha pamabwera kuŵerengera. Mai amene amagulitsa tomato ndi masamba, bambo amene amalondera usiku ku Ginnery Corner, amakhala pansi ndi kufunsana kumene fizi ichokere, kumene lendi ya kachipinda ichokere, ndi chimene mwanayo azikadya. Ena amagulitsa ziŵeto za kumudzi, ena amakongola ku banki mkhonde, enanso amagwa m'manja mwa akatapila. Onseŵa amatero chifukwa akukhulupirira kuti kumene mwana wao akupitako kuli chinthu cha mtengo wapatali.

Tsono funso lathu mwezi uno ndi ili: kodi nyumba imene tikuikizako ana athu ndi thukuta lathuyi ndi nyumba yamtundu wanji, ndipo iyenera kuyendetsedwa motani? Ena anganene kuti nkhani ya kayendetsedwe ka mayunivesite ndi ya anthu a mataye m'maofesi, siikhudza banja la mkhristu wamba. Ife tikuti ikutikhudza, pakuti kayendetsedwe ka nyumba kamaulula zimene mwini nyumbayo amakhulupirira za munthu. Amene amaona munthu ngati chida amakonza nyumba yake mwa mtundu wina, ndipo amene amamuona ngati chifaniziro cha Mulungu amaikonza mwa mtundu winanso.

Kumene tachokera

Yunivesite ya Malaŵi idabadwa pamodzi ndi ufulu wa dziko lathu. Idakhazikitsidwa mu 1964, ndipo mu Sepitembala 1965 ophunzira 90 adayamba maphunziro ao ku Chichiri, mtunda woti munthu wa ku Chilobwe angathe kuyenda wapansi. Pasanapite nthaŵi padaphatikizidwa makoleji ena: Bunda ku Lilongwe, Polytechnic mu Blantyre momwemuno, sukulu ya za kayendetsedwe ka boma ku Mpemba, ndi Soche Hill College yosula aphunzitsi, imene idatenga dzina la phiri lomwe tikukhala m'tsinde mwakeli. Mu 1973 Chancellor College idasamukira ku Zomba, ndipo maphunziro a ku Soche Hill ndi a ku Mpemba adapita nayo limodzi. Mu 2012 Bunda idapatuka nkukhala maziko a LUANAR. Pa 4 Meyi 2021 yunivesite yakale ija idagaŵidwa patatu: Chancellor College idatsala ndi dzina la University of Malawi, Polytechnic idasanduka MUBAS, pamene College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zidaphatikizana nkukhala KUHeS.

Amene adalimbikitsa kugaŵaku ankati ofesi imodzi ya ku Zomba singathe kusamala bwino makoleji amene ali kutali, zinthu zimachedwa, ndipo sukulu iliyonse ikaima payokha idzakula ndi kulandira ophunzira ambiri. Maganizo ameneŵa ali ndi nzeru zake. Komabe kugaŵa munda sikusintha mbeu imene yadzalidwamo. Funso la mzimu umene ukuyendetsa sukuluzi likadalipo.

Nzeru za m'fakitale

Nzeru zambiri za kayendetsedwe ka mabungwe zimene zikuphunzitsidwa masiku ano zidabadwira m'fakitale. Ku America kudali injiniya wina dzina lake Frederick Taylor, amene ankaima ndi wotchi m'manja pa fakitale ya zitsulo, kuŵerenga mphindi zimene wantchito amatha ponyamula ndi kutula katundu. M'buku lake la mu 1911 adanena kuti mwa njira yake munthu amene ankanyamula matani 12 ndi theka a chitsulo pa tsiku adayamba kunyamula matani 47. Chinsinsi chake chidali kulekanitsa mutu ndi manja: bwana aziganiza, wantchito azingochita monga wauzidwira. Ku Germany nako katswiri wina, Max Weber, amene adamwalira mu 1920, adafotokoza mphamvu za ulamuliro wa m'maofesi, momwe muli malamulo olembedwa, mafayilo, maudindo otsatana kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndi kusayang'ana nkhope ya munthu. Iye adavomera kuti njirayi imagwira ntchito kuposa zina zonse, koma adaopa kuti tsiku lina anthu adzapezeka atadzitsekera okha m'khola la malamulo ao omwe.

Kwa zaka zambiri nzeru zimenezi zidaima kunja kwa mpanda wa yunivesite. Zidaloŵa mwamphamvu m'zaka za m'ma 1980. Ku Britain, m'nthaŵi ya Margaret Thatcher, komiti yotsogozedwa ndi Sir Alex Jarratt idalangiza mu 1985 kuti mkulu wa yunivesite azionedwa ngati mkulu wa kampani, ndipo chaka chotsatira boma lidayamba kuyeza ntchito za kafukufuku kuti ndalama zizitsata malikisi. M'zaka zomwezo maiko a mu Africa adali m'ngongole. Malaŵi idayamba kutsata ndondomeko za World Bank zokonzanso chuma mu 1981, ndipo akatswiri a bankiyo ankalangiza kuti ndalama za boma zimapindula kwambiri ku pulayimale kusiyana ndi ku yunivesite, choncho makolo azithandiza kulipira. Ku Uganda, yunivesite yotchuka ya Makerere idatsegula zitseko kwa ophunzira odzilipirira okha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ndalama zidaloŵa, chiŵerengero cha ophunzira chidakwera koopsa, koma Mahmood Mamdani, amene adaphunzitsa komweko, adaonetsa m'buku lake la mu 2007 kuti madipatimenti adayamba kulimbirana ophunzira ngati amalonda pamsika, ndipo kafukufuku adafooka.

Tisakondere mbali imodzi

Tisanadzudzule, tiyenera kunena chilungamo. Ndalama zimene boma limapereka ku mayunivesite ndi za msonkho, ndipo msonkhowo amalipira ndi mai yemwe uja pogula sopo ndi mafuta ophikira. Iye ali ndi ufulu wofunsa m'mene ndalama zake zayendera. Mphunzitsi amene amajomba kukalasi nkumathamangira maganyu a m'mabungwe, ofesi imene imataya malikisi a wophunzira, mkulu amene amagula galimoto yatsopano pamene laibulale ilibe mabuku, onseŵa amabera amphaŵi, ndipo sangabisale kuseri kwa mau akuti ufulu wa maphunziro. Ambuye Yesu yemwe adatiphunzitsa za mwini chuma amene pobwera ku ulendo adaitana antchito ake kuti alongosole za ndalama zimene adaŵasiyira. Bajeti yolongosoka, mabuku a ndalama oŵerengedwa bwino, ndi kalendala ya maphunziro yodalirika ndi ntchito za chilungamo. Nchifukwa chake tiyamika kuti lamulo la mu 2011 lidakhazikitsa bungwe la National Council for Higher Education loti liziyendera ndi kuvomereza sukulu zimenezi.

Vuto limayamba pamene wantchito wa pakhomo asanduka mwini nyumba, ndiye kuti pamene luso loyendetsa zinthu liyamba kulamula cholinga cha maphunziro eni ake. Tikuona zoopsa zitatu.

Choyamba ndi kupembedza manambala. Manijala amafuna chinthu choti achiŵerenge: ophunzira angati aloŵa, angati atuluka ndi digiri, mphunzitsi walemba mapepala angati, sukulu ili pa nambala yanji mu Africa. Katswiri wa zachuma wa ku Britain, Charles Goodhart, adazindikira kale mu 1975 kuti muyeso ukasandutsidwa cholinga umaleka kunena zoona. Ife a pamsika tidachidziŵa chimenechi iye asanabadwe. Wogula chimanga akamangoyang'ana kuti ndowa yadzaza, wogulitsa amaphunzira kupinda pansi pake pa ndowayo. Momwemonso mphunzitsi amene amakwezedwa pantchito chifukwa cha kuchuluka kwa mapepala adzagaŵa ganizo limodzi patatu ndi kulitumiza ku magazini a kunja amene kuno sitiŵaona nkomwe. Koma ola limene adakhala pansi ndi mtsikana amene adafuna kusiya sukulu atamwalira mai ake silidzalembedwa pa fomu iliyonse. Chimene sichilembedwa pa fomu, pang'ono ndi pang'ono anthu amaleka kuchichita.

Chachiŵiri ndi kumutchula wophunzira kuti kasitomala. Mauŵa amamveka aulemu, koma ali ndi mbola. M'sitolo kasitomala sakhumudwitsidwa, ndipo wolipira zambiri amalandira zambiri. Pamene mphunzitsi weniweni nthaŵi zina ayenera kumuuza wophunzira kuti walephera, abwerezenso, monga m'mene namkungwi amachitira ndi namwali, chifukwa akumufunira zabwino. Ngati chuma cha sukulu chidalira pa chiŵerengero cha olipira, chiyeso chimabwera chodzaza holo ndi anthu oposa mipando, kufeŵetsa mayeso, kutsegula maphunziro amene ali ndi malonda, ndi kusiya kuti maphunziro a mbiri ya dziko, a filosofi ndi a ziyankhulo zathu afote okha. Choŵaŵa kwambiri ndi chakuti sitolo siilira munthu amene wabwerera pakhomo chifukwa alibe ndalama. Tamva kangati za mnyamata wanzeru amene wabwezedwa pa chitseko cha mayeso chifukwa fizi siidakwane? Bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira, limene lidayamba mu 2015, lathandiza ambiri, koma si onse osoŵa amene amafikiridwa. Mu 2016 fizi itakwezedwa ophunzira adachita zionetsero ndipo makoleji adatsekedwa. Masiku amene adatayika pamenepo, mwana wa munthu wolemera adaŵadikira ali kwao akudya bwino, pamene mwana wa kuno adapitiriza kulipira lendi ya chipinda chimene samaphunziriramo kanthu.

Chachitatu, chimene chili chachikulu, ndi ulamuliro wa mantha. Nzeru ya Taylor ija yakuti pamwamba aziganiza, pansi azimvera, ingathe mwina kunyamulitsa zitsulo, koma pa sukulu ya ukachenjede imapha ntchito yeniyeniyo, pakuti anthu amene ali pansiwo adalembedwa ntchito yoganiza. Dziko lathu lili ndi zipsera pa nkhani imeneyi. Mu Sepitembala 1987 Jack Mapanje, amene anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, adamangidwa ndi kusungidwa ku ndende ya Mikuyu popanda mlandu mpaka mu Meyi 1991. Aepiskopi athu atatulutsa kalata yao ya pa 8 Malichi 1992, ophunzira a ku Zomba adaguba kuŵaikira kumbuyo, ndipo koleji idatsekedwa. Tidaganiza kuti zotere zidatha ndi riferendamu ya mu 1993. Koma mu Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi, Peter Mukhito, adaitana mphunzitsi wa zandale, Blessings Chinsinga, kukamufunsa za zimene adaphunzitsa m'kalasi, pamene adayerekeza kusoŵa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kwathu kuno ndi zimene zidautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi, motsogozedwa ndi Jessie Kabwila, adakana kuloŵa m'kalasi mpaka atatsimikiziridwa kuti mulibe akazitape. Khonsolo ya yunivesite idatenga nkhaniyi ngati ya antchito osamvera bwana, nkuchotsa ntchito aphunzitsi anai. Maphunziro adasokonekera kwa miyezi pafupifupi isanu ndi itatu, mpaka anaiwo atabwezeretsedwa.

Tiyeni tione bwino chimene chidachitika apa. Wandale amene amaopa kudzudzulidwa ndi manijala amene amangofuna kuti zinthu ziziyenda mwabata amagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti mphunzitsi ndi waganyu, ntchito yake ndi kumvera. Koma makolo athu adati wakutsina khutu ndi mnansi. Dziko limamanga yunivesite ndi ndalama zake kuti likhale ndi mnansi wotere, wodziŵa zinthu ndi wosaopa kunena.

Zimene Eklezia akudziŵa

Eklezia ali ndi mau pa nkhaniyi chifukwa mayunivesite oyamba a ku Ulaya adaleredwa m'manja mwake. Liu la Chilatini limene lidabala dzina lakuti yunivesite poyamba linkatanthauza gulu la anthu, ndiye kuti chigwirizano cha aphunzitsi ndi ophunzira, osati nyumba kapena ofesi. Mu 1229 aphunzitsi a ku Paris adanyanyala ntchito nkubalalika mu mzindawo asilikali atapha ophunzira ena. Patapita zaka ziŵiri, mu 1231, Papa Gregory IX adalemba kalata yovomereza kuti aphunzitsiwo ali ndi mphamvu yodzipangira malamulo ao, ngakhale yoimitsa maphunziro akachitiridwa zosalungama. Ndi ku Paris komweko kumene Thomas Aquinas Woyera adadzaphunzitsa, ndipo njira yake idali yoyamba wafotokoza mokwanira maganizo a omutsutsa asanapereke yankho lake.

John Henry Newman, amene adalengezedwa kukhala woyera mu 2019, adaphunzitsa ku Dublin mu 1852 kuti kudziŵa choona ndi chinthu chabwino pachokha, ndi kuti ntchito yoyamba ya yunivesite ndi kusula nzeru za munthu kuti azitha kulingalira bwino pa chilichonse. Papa Pius XI mu 1931 adaphunzitsa kuti si chilungamo kuti gulu lapamwamba lilande ntchito imene gulu lapansi lingathe kuichita lokha. Mfundo imeneyi ikutanthauza kuti za m'kalasi aziweruza ndi aphunzitsi, za ndalama azisamala odziŵa ndalama, ndipo boma liziteteza zonsezi osaloŵerera. Papa John Paul II mu 1981 adatikumbutsa kuti ntchito ilipo chifukwa cha munthu, ndipo munthuyo aposa chuma chimene ntchito imabala. Mu 1990, m'chikalata chake cha mayunivesite a Chikatolika, adatsindika kuti yunivesite ndi banja la anthu ofunafuna choona, loyenera kudziyendetsa lokha, ndipo liyenera kulimba mtima kunena zoona ngakhale pamene anthu sakufuna kuzimva.

Chiphunzitso chimenechi chikuweruzanso nyumba yathu yomwe. Yunivesite ya Chikatolika ya ku Nguludi, imene idatsegulidwa mu 2006, imadalira fizi kuti iyende, monganso sukulu za mipingo ina. Chiyeso choona mwana ngati thumba la ndalama sichilambalala chipata chifukwa chakuti pali mtanda. Akhristu tili ndi udindo wothandiza sukulu zathu ndi chopereka ndi pemphero, komanso wozifunsa ngati mwana wa mmphaŵi ali ndi malo m'menemo.

Muyeso wa m'tsinde mwa Soche

Ngati tifuna muyeso woona wa sukulu ya ukachenjede, ife a ku Chilobwe tili nao, ngakhale ndi woŵaŵa kuukumbukira. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, nyumba zidakwiririka, ndipo tidaika m'manda abale athu ochuluka. Mafunso amene tsokali lidatisiyira ndi a anthu ophunzira. Ndi malo ati amene munthu angamangepo nyumba mosaopa? Madzi a m'phiri adutse kuti? Ndi mitengo yanji imene ingagwire nthaka msanga? Anthu amene umphaŵi udaŵakankhira kumtunda apite kuti, ndipo akadye chiyani kumeneko? Lamulo la malo likuti chiyani, ndipo lidalephera pati? Makilomita oŵerengeka kuchokera pano pali sukulu yosula mainjiniya, oyeza malo ndi okonza mapulani a mizinda, ndipo pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth pali ina yosula madokotala ndi anamwino.

Ntchito yoyankha mafunso ameneŵa siibweretsa fizi. Imafuna zaka zambiri, kukwera phiri, kukhala pansi ndi mafumu ndi amai a m'mabanja, ndipo mayankho ake angathe kukwiyitsa andale, ogulitsa malo, ngakhale ife tomwe amene timaphikira makala. Yunivesite yoyendetsedwa ngati sitolo idzaiona ntchito yotere ngati yotayitsa nthaŵi. Yunivesite yoyendetsedwa ndi mantha idzaopa kunena zimene yapeza. Nchifukwa chake tati nkhani ya kayendetsedwe ka sukuluzi ikukhudza banja lililonse, ngakhale limene silidatumizeko mwana.

Chitsanzo chabwino cha utsogoleri woyenera nyumba ya nzeru tili nacho m'miyambo yathu. Pabwalo la milandu mfumu yanzeru siiyamba kuyankhula. Imalola nduna, eni mlandu ndi mboni kuti anene zonse, imamvetsera ngakhale mau a munthu wonyozeka, kenaka imamanga mfundo imene anthu angaisenze limodzi. Zimenezi zimadya nthaŵi, ndipo munthu wa wotchi m'manja angaone ngati nkuchedwa. Koma akuluakulu adati ndadziŵa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Mkulu wa yunivesite ayenera kudziŵa kuŵerenga ndalama, inde, koma ayeneranso kukumbukira kuti udindo wake ndi wotumikira iwo amene akuphunzitsa ndi kuphunzira, monga Ambuye adaonetsera pamene adatenga madzi ndi nsalu nkusambitsa mapazi a ophunzira ake.

Inu makolo, mwana akabwera ku tchuthi musamufunse za malikisi okha. Mufunseni ngati pali mphunzitsi amene amamudziŵa dzina, ngati amaloledwa kufunsa ndi kutsutsa mwaulemu, ngati zimene akuphunzira zikumuthandiza kumvetsa mavuto a kwao kuno. Musamuuze kuti digiri ndi chiphaso chothaŵira ku Chilobwe. Inu ophunzira, kumbukirani kuti simudagule nzeru ngati shuga wa m'golosale, mudaitanidwa kuloŵa m'banja la ofunafuna choona, ndipo banjalo lili ndi mwambo wake, umene ndi khama ndi kusabera mayeso. Inu akhristu amene muli m'makhonsolo ndi m'maofesi a sukuluzi, mukatsegula fayilo kumbukirani kuti m'kati mwake muli mwana wa munthu ndi thukuta la banja lonse. Ndipo ife tonse m'Miphakati yathu tingathe kuyamba ndi chinthu chaching'ono: kupeza wophunzira mmodzi wa m'dera lathu amene watsala pang'ono kusiya sukulu chifukwa cha fizi, ndi kusonkha kangachepe mwezi ndi mwezi mpaka amalize. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mzimu Woyera, mwini nzeru zonse, aunikire iwo amene akuphunzitsa, amene akuphunzira, ndi amene adapatsidwa udindo woŵatsogolera.